Nkhungu ya pa Nganda inandipeza jekete ili kwa alamu

Jekete imene ndinkaifuna tsiku limenelo ndinaigula pa kaunjika ku Tsoka, nditanenerera mpaka wogulitsa kuyamba kuseka. Inali yolemera, ya ubweya m'kati, yoti mphepo siilowa. Ndayamba ndi zimenezi kuti musaganize kuti ndinapita ku Nyika chimanjamanja. Ndinakonzeka ndithu. Kungoti nthawi imene chisanu chinandigwira, jeketeyo inali m'chikwama, chikwamacho chili kumsana kwa alamu anga, alamuwo ali kutsidya kwa chigwa chimene sindinkachiona n'komwe.

Ndimakhala ku Area 25, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala m'kagulu ka anthu okwera mapiri Loweruka. Bunda timakwera ngati tikupita kuchigayo. Nkhoma takwera kangapo, Dedza kawiri. Mapiri amenewa amalimbitsa miyendo, mtima umazolowera, koma amakunamiza chinthu chimodzi. Ukaima pamwamba pa Bunda umaona msewu, malata a ku koleji, minda, utsi wa m'midzi, mwina mpaka kumva tambala. Ukasochera umangotsetsereka, ukumana ndi mwana woweta mbuzi akulozera njira. Ndiye m'mutu mumakhazikika zoti phiri ndi chinthu chimene umachiona chonse, ndipo patsinde pake pamakhala anthu.

Amene anayambitsa zonsezi ndi alamu angawo, achimwene awo a mayi a kunyumba. Iwowa anaphunzira za nkhalango ku Dedza ndipo anagwirako ntchito kumpoto zaka zingapo. Tsiku lina tikuwotcha chimanga pakhonde anandifunsa mwachipongwe cha pachilamu, "Alamu, inu odziwa mapiri, nsonga yaitali kuposa zonse kumpoto kuja ndi iti?" Ndinati mwina ili ku Chikangawa. Anaseka mpaka kutsamwa. Lolemba lake funso lomwelo ndinakaliponya mu ofesi, palibe ndi mmodzi yemwe amene analasa. Sapitwa tonse tinaloweza ku pulayimale, mamita 3,002. Koma dzina loti Nganda, nsonga ya Nyika yotalika mamita opitirira pang'ono 2,600, linali lachilendo kwa aliyense, ngakhale kwa mnzathu wina wa ku Mzimba.

Tinapangana tchuthi cha 6 July. Tinalipo anayi: ine, alamu, mnzanga wa kuntchito amene ali ndi pikapu yokoka mawilo onse anayi, ndi mphwake, mnyamata wa ku koleji amene anabwerera zithunzi basi. Za msewu sindichulutsa. Mukanyamuka ku Lilongwe m'bandakucha, Kasungu, Jenda, Chikangawa, mufika ku Mzuzu masana, makilomita pafupifupi 360. Gonani ku Mzuzu kapena ku Rumphi, musalimbane ndi zokafika ku Chelinda, malo ogona alendo m'kati mwa paki ya Nyika, tsiku lomwelo. Thanki mudzaze, muwonjezere chigubu, chifukwa kumtunda kulibe pothirira, ndipo pamsewu wafumbi wokwera galimoto imamwa mafuta ngati munthu wa matsire akapeza madzi. Kuchoka pa boma la Rumphi mumadutsa ku Bolero mpaka pa chipata cha Thazima cholowera m'pakimo, makilomita 50 ndi kanthu, ndipo kuchoka pachipatapo kukafika ku Chelinda ndi mtunda ngati womwewo. Papepala n'zochepa. Ife zinatitengera kuyambira pa kadzutsa mpaka dzuwa litapendeka.

Pali malo pamene mitengo ya miombo imangotha, ngati wina anachita kulemba mzere. Mukatulukira pamenepo mumangoti kakasi. Zitunda zozungulira, zosalala, za udzu wokhawokha, china kuseri kwa chinzake mpaka pamene maso alekezera. Mitengo yangotsala m'makwawa, tinkhalango tating'ono tobiriwira tobisala mphepo ndi moto. Palibe mudzi, palibe munda, palibe utsi. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1965, yoyamba m'dziko muno, ndipo ataikulitsa mu 1978 inaposa masikweya kilomita 3,000. Palibe ina yoiposa m'Malawi.

Ku Chelinda tinafika mano akugundana kale. Lilongwe ali pa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, Chelinda ali cha m'ma 2,300. Alamu anatiuza kawerengedwe kosavuta: ukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri asanu ndi limodzi kapena kuposerapo pang'ono, mphepo osaiwerengera. Ndiye taganizani m'mawa wa July umene ku Area 25 timazemba kusamba, muchotsepo madigiri ena asanu ndi atatu. Tinagona m'matenti pafupi ndi nkhalango ya paini imene inadzalidwa m'zaka za m'ma 1950, titavala chilichonse chimene tinabweretsa. Kutacha udzu unali mbuu ngati wina wawazapo ufa woyera, ndipo pagalasi la galimoto panali pataundana. Mnyamata uja anapala ndi khadi la ku banki, dzanja linalo likujambula. Mphoyo ziwiri zinkadya chapafupi osatilabadira.

Ulendo wautali wa pansi m'pakimo mumayenda ndi mlonda wa nyama, amene ambirife timangoti a gemu. Izi mumakonzeratu ku ofesi dzulo lake, ndipo pali kolipira kapadera kuwonjezera pa ka pachipata. Amene tinapatsidwa anali bambo achikulire, owonda, a mfuti yosuluka chogwirira, Chichewa chawo chili ndi kafungo ka Chitumbuka. Atatilonjera kuti monire, anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi mmene timayang'anira mbuzi pamsika. Pa ine maso awo anaima pa buluku.

"Bwana, jinzi imeneyi ikanyowa lero, iuma mawa."

Ndinaseka. Kenako ananena mawu amene ndinkayesa kuti alowera khutu ili n'kutulukira linalo, poti maganizo anga anali pa tiyi. "Kuno sitisiyana. Wofuna kupatuka, ngakhale kukataya madzi, anene kwa ine. Ndipo nkhungu ikakupezani muli nokha, khalani pansi pomwepo. Munthu wokhala timamupeza. Woyenda timachita kumusaka ngati nyama."

Nganda ali kumpoto chakum'mawa kwa Chelinda, ndipo kamsewu kamafika pafupi ndithu, moti ena amangoyenda pang'ono n'kufika pamwamba. Ife tinasiya galimoto patali. Tinabwera kudzayenda, komanso mnzanga ataona ngalande imene madzi anakumba pakati pa kamsewuko anayamba kuwerengera mtengo wa masipuling'i. A gemu analoza chitunda china chakutsogolo, chosasiyana kwenikweni ndi zinzake kupatula kuti chinali chokwererapo. "Ndi uyo." Ndinagwa mphwayi pang'ono. Ndinkayembekeza chimwala choopsa ngati cha ku Nkhoma. Ndinati mphindi 40 tikhala tili pamwamba. A gemu sanayankhe.

Tinayenda maola awiri ndi theka. Bodza loyamba la dziko lija ndi limeneli: diso lilibe poyezera. Kwathu kuno umadziwa kutalika kwa malo poona kukula kwa mtengo wa mango, nyumba, munthu wa pa njinga. Kumene zonsezi kulibe, kunja kuli koyera mbee, chitunda cha makilomita asanu chimaoneka ngati ungachigende. Ndipo pakati pa iwe ndi icho pali zigwa zitatu zimene suziona mpaka utafika m'mphepete mwake. Udzunso umene patali umaoneka ngati kapinga wa pa bwalo la mpira ndi wa zitsinde, chilichonse ngati mutu wa munthu, pakati pake mipata yobisika. Ukaponda pamwamba pa chitsinde phazi limapendekeka, ukaponda pakati limakodwa. Mawondo ndi akakolo amagwira ntchito imene pa Bunda saidziwa. Befu nayenso sachedwa. Pamtunda wotero mpweya ndi wopepuka, ndipo kachitunda koti kuno ungakwere ukucheza kumeneko umakwera pakamwa pali yasa.

Koma kukongola kwake, abale. Mbidzi zinandanda pamsana pa chitunda kumatiyang'ana, michira ikugwedera. Tinaona ntchefu, zazikulu kuposa nkhunzi ya ng'ombe koma pothawa zopepuka ngati mbuzi, ndi gulu la achilembwe a nkhope zakuda ndi zoyera ngati avala zigoba za gule. Mnyamata wa ku koleji uja anadabwa kumva kuti chilembwe ndi dzina la nyama. Iye ankangodziwa wa pa ndalama. Nkhwali zinkabuka pafupi ndi mapazi, phururu, mtima kuchita kudumphira kukhosi. Njovu sitinazione ngakhale zilimo. Mu 2017 anabweretsamo zina 34 kuchokera ku Liwonde, ndipo a gemu anati zimakonda kumunsi kofundirako, kumitengo.

Pamalo ena a gemu anagwada n'kutionetsa timaenje tating'ono tambirimbiri m'mphepete mwa dambo, ngati tokumba ndi nsonga ya chikwanje. Anthu okumba chikande, chimene kumeneko amati chinaka. Timbatata take ndi mizu ya maluwa a orchid, amene ku Nyika aliko a mitundu yoposa 200 ndipo amachita maluwa m'dzinja. Ukakumba kambatata, duwalo lapita. Ndinkayembekeza kuti atukwana okumbawo, koma anangofotsera kadzenje kamodzi ndi jombo yawo. Anati agogo awo anabadwira m'kati mwa malire a pakiyi, chakumunsi, asanasamutsidwe pamene ankaikulitsa. Sanawonjezere kanthu, nanenso sindinafunse. Ine chikande ndimadya, koma kuyambira tsiku limenelo ndimachidya ndi kamtima kena.

Pamwamba tinafika dzuwa lili paliwombo. Chakum'mawa dziko limangogwa, ndipo kutali pansi nyanja inkang'anima ngati lata latsopano, kuseri kwake mapiri a ku Tanzania. Chakumpoto zigwa zakuya zolowera ku Karonga ndi Chitipa. Kumbuyo kwathu zitunda zonse zimene tinadutsa zinali zitagona ngati ng'ombe m'khola. Alamu anatilozera kumene mitsinje imayambira, North Rukuru, North Rumphi, Wovwe amene amapukusa makina a magetsi kumunsi, n'kunena kuti phiri lonseli ndi chinkhupule: madambo ake amamwa mvula ndi nkhungu n'kumatulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Tinadya mbatata yophika ndi mtedza titabisala kuseri kwa miyala, chifukwa mwera unkachita kulasa m'makutu. Chakumunsi, mbali ya kunyanja, kunali kamtambo koyera kotsamira m'mphepete mwa phiri ngati thonje. A gemu anakayang'ana kawiri n'kunena kuti tizipita.

Potsika thupi linatentha, ndinavula jekete n'kuiponya m'chikwama. Titayenda mphindi ngati 20 ndinapisa m'thumba, foni mulibe. Ndinakumbuka bwinobwino pamene ndinaisiya, pamwala pomwe ndinakhala. A gemu anali kutsogolo ndi mnzanga ndi mphwake, atazimirira kale kuseri kwa kachitunda. Kuwaitana kunali kubweza anthu onse chifukwa cha kupusa kwanga, ndiye manyazi anandigwira. Nsonga inkaoneka apo, poyera. Ndinapatsa alamu chikwama kuti ndithamange wopepuka.

"Tsogolani alamu, ndikupezani pompano."

"Iyayi, tiyeni tonse. Kuyenda awiri si mantha."

Koma bondo lawo linali litayamba kale kuvuta, ndipo ndinawakakamiza mpaka analola. Mpaka lero akaikumbuka nkhaniyi amapukusa mutu, amati mlandu ndi wawo. Si wawo.

Foni ndinaipeza. Ndikuiika m'thumba ndinaona mthunzi wanga ukuzilala. Nditacheuka, kamtambo kaja kanali katasanduka khoma, likukwera chitunda mwakachetechete, liwiro loposa la munthu wothamanga. Alamu anadzandifotokozera pambuyo pake mmene zimakhalira: mwera umadutsa pamwamba pa nyanja n'kutola chinyezi, ukagunda phiri umakwera, ukakwera umazizira, chinyezi chija n'kusanduka nkhungu. N'chifukwa chake mbali ya kum'mawa ya Nyika imatha kuphimbika masana dzuwa likuswa mtengo kwina konse, ngakhale m'miyezi imene mvula kulibe. Sizinathe mphindi zisanu. Nyanja inasowa, zitunda zinasowa, kenako miyala imene tinadyerapo ija. Ndinatsala ine ndi kabwalo ka udzu kosaposa pabalaza pa nyumba yanga, kunja kwake zoyera zokhazokha.

Apa mpamene ndinayenera kukhala pansi. Ndinali pamalo amene aliyense ankadziwa kuti ndili. Koma mtima unati njira ukuidziwa, n'kungotsetsereka basi. Ndinatsetsereka. Chimene sindinkadziwa n'chakuti phiri lozungulira ngati mphika wovundikira lili ndi misana yambiri yotsikira, ndipo pamwamba yonse imayambira malo amodzi. Ukaphonya ndi mapazi khumi okha kumanzere, pakatha theka la ola uli m'chigwa china, ndipo zigwazo n'zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Ndinapeza kanjira kopondeka bwino, mtima unakhala m'malo. Unali mkwaso wa mbidzi. Ndowe zake ndinaziona, koma ndinadzinamiza kuti anthu amadutsanso momwemo. Nyama sizilowera kumene kuli galimoto, zimalowera kumadzi.

Madziwo ndinayamba kuwamva, kamtsinje kakulira pansi penapake. Ndipo ndinakumbuka zimene tinkauzana tili ana, zoti ukasochera tsata mtsinje, ukakufikitsa kwa anthu. Kwathu kuno n'zoona. Lingadzi kapena Diamphwe sayenda mtunda wautali wopanda dimba la munthu. Ku Nyika mtsinje umakutengera m'dambo, ukachoka m'dambo umalowa m'nkhalango yowirira, kenako umadzigwetsa m'maphompho a m'mphepete mwa phiri, ndipo mudzi woyamba uli kutali koti sungafikeko tsiku limenelo. Ine ndinalekezera pa dambo. Pamwamba pake panali pobiriwira bwino, posalala, pooneka poyendeka kuposa pena paliponse. Phazi loyamba linamira mpaka m'bondo, lachiwiri pofuna kupulumutsa linzake linamira mpaka m'ntchafu. Matope akuda, ozizira ngati a mufiriji, onunkha masamba owola. Ndinatuluka chokwawa, nditagona chamimba n'kumakoka zitsinde za udzu, nsapato imodzi ndikuikanikiza ndi zala za kuphazi kuti isatsalemo.

Kugwa m'dambomo n'kumene kunandibwezera nzeru. Ndinakwera pang'ono pouma, ndinapeza mwala wotchinga mphepo, n'kukhala. Foni inalibe netiweki, ndipo moto wake unkatsika ndikuona, chifukwa batire likazizira silichedwa kutha. Ndinaizimitsa n'kuiika m'khwapa. Ndinali ndi tisheti ya thonje yonyowa ndi thukuta ndi nkhungu, ndi jinzi ija. Mawu a bambo aja anabwera onse, mpaka kamvekedwe kake. Thonje likanyowa limamatirira pakhungu n'kumakoka kutentha kwa thupi, mphepo ikamawomba ndiye zimachita kunyanya. Ndinazula udzu wouma wa kunsi kwa mwala, wina kukhalira, wina kuunjika m'kati mwa tisheti, pachifuwa ndi kumsana, ngati chidole choopsezera mbalame m'munda wa mpunga. Unkayabwa koopsa koma unathandiza. Ndinakumbatira mawondo. Ndikawerenga mpaka 100 ndinkakuwa kamodzi. Mawu anga ankangogwera pafupi ngati ndikukuwira m'bulangete.

Kambuku sindinamuope, ngakhale ku Nyika akambuku aliko. Zinandiopsa ndi zala zanga. Ndinafuna kumanga chingwe cha nsapato chimene chinamasuka, zala zinakana, zili gwa ngati za munthu wina. Kunjenjemera kunafika poti nsagwada zinkapweteka. Kenako kunabwera katulo kokoma, kaulesi koti bwanji ndingotsinzina pang'ono. Ndinali nditamvapo kuti thupi likazizira kwambiri munthu amayamba kusokonezeka ndi kuwodzera, ndiponso kuti kunjenjemera kukasiya ukadali pozizira ndiye kuti zafika poipa. Choncho kunjenjemera kwangako ndinkakuona ngati mnzanga. Ndinayamba kutchula mokweza masiteji a minibasi kuchokera ku Area 25 mpaka m'tauni, kupita ndi kubwerera, kenako mayina a anzanga a mu Sitandade 8. Ndinapemphera, ndipo sindibisa, ndinalonjeza zinthu zina zimene mpaka pano sindinakwaniritse.

Wezulo ndinaimva ngati kulira kwa kambalame, kutali, kumbali imene sindinkaiganizira n'komwe. M'mutu mwanga galimoto inali kutsogolo kwanga. Kunapezeka kuti ndinali nditaifulatira. Inalira katatu n'kukhala chete. Ndinakuwa ndi mphamvu zonse zotsala. Inaliranso katatu, chapafupiko. Patapita nthawi chithunzi chakuda chinatulukira m'zoyera zija, mfuti paphewa, chikwama changa kumsana. Anali atasiya anzanga atatu aja pamalo amodzi, atawalamula kuti asasunthe, iwo n'kubwerera pamwamba okha kukayamba kutsata mapazi anga. Nkhungu ikagwera pa udzu imasiya timadontho, ndiye pamene munthu wadutsa pamatsala mzere woderako, anandionetsa pobwerera. Anati anavutika pamene ndinalowa mumkwaso wa mbidzi, chifukwa munali mopondeka kale. Ndikanaoloka dambo lija, anatero, bwenzi tikunena za mawa.

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangoti, "Mwakhala pansi mochedwa, bwana, koma mwakhala. Vulani malayawo."

Tisheti yonyowa inachoka, ndinavala juzi youma ndi jekete yanga ya ku Tsoka, chipewa cha ubweya kumutu. Anandithirira tiyi wa mufulasiki mwawo, wa shuga woti supuni n'kuima, ndi chinangwa chophika, ndipo sanalole kuti ndiimirire ndisanamalize. Titakumana ndi anzathu, mnzanga anatulutsa kabotolo ka mowa waukali kuti ndimweko nditenthedwe. A gemu anakaniza ndi dzanja. Ambirife timakhulupirira kuti kachasu amachotsa chisanu, koma chimene amachita n'kutsegula mitsempha ya pakhungu, magazi ofunda amathamangira kunja, iwe umamva kufunda pamene thupi likutaya kutentha kwenikweniko. Munthu wozizidwa amafuna zovala zouma, pobisala mphepo, chakudya, ndi chakumwa chofunda cha shuga ngati akutha kumeza bwino. Alamu sanalankhule. Anangondigwira pamkono, ndipo sanausiye mpaka pagalimoto, iwo akutsimphina, ine ndikunjenjemera.

Pagalimoto tinafika chisisira. Mu July dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndipo kumtunda kuja likangolowa chisanu chimagwa nthawi yomweyo. Tikanachedwa ndi ola lina, bwenzi nkhaniyi akusimba ena. Usiku umenewo tikuwotha moto, mnyamata wa ku koleji anandionetsa chinthu chimene chinandiwawa kuposa matuza a kumapazi. Pa foni yake anali atakoperatu mapu a dera lonselo tili ku Mzuzu, ndipo anaika chizindikiro pamene tinasiya galimoto. GPS siifuna netiweki, imamva kuchokera ku masetilaiti, bola mapu akhale ali kale mufoni. Foni imene ndinaikira moyo pachiswe kukaitenga ikanatha kundionetsa pamene ndili, ndikanangotaya mphindi zisanu kuikonza tisananyamuke. Komabe musaidalire yokha. Yanga ija, ngakhale ndinaizimitsa, inafika pagalimoto itatsala ndi moto wa mphindi zochepa.

Anzanga a m'kagulu akamandifunsa zoti atenge, ndimawauza kuti katundu si wovuta, pafupifupi zonse zili pa kaunjika: buluku la nsalu youma msanga m'malo mwa jinzi, malaya a m'kati osakhala a thonje, juzi, jekete yosalowa madzi, chipewa, magolovesi, masokosi apadera okulunga m'jumbo, nsapato zogwira akakolo, tochi, machesi, ndi chakudya choposa chimene mukuganiza kuti mudya. Machesiwo ndi a pangozi yeniyeni basi. Udzu wa July ndi wouma, ndipo moto wolekerera ku Nyika umapsereza mtunda woti simungakhulupirire. Koma katundu yense ameneyu ine ndinali naye, kupatula buluku ndi malaya a m'kati. Chinandilaka n'kumene anali. Tsopano chikwama sichichoka kumsana kwanga, ngakhale ndikupatukira kuseri kwa chitsamba. A gemunso musamawaone ngati msonkho wina umene mwakakamizidwa kulipira. Ife tinasonkha kangachepe usiku womwewo, ndipo popereka ndinachita manyazi ndi kuchepa kwake. Iwo analandira ndi manja awiri, n'kungoti yewo.

Kunyumba ndinafuna kuifotokoza nkhaniyi mwachidule, koma alamu anali ataimba kale foni tili pa Ekwendeni. Ndinapeza mayi a kunyumba ataima pageti, manja m'chiuno. Jinzi ija anaichapa katatu, matope a ku Nyika osachoka, mapeto ake ndi chopondera pakhomo la kukhitchini. Sabata yotsatira ndinalowa m'sitolo ya zamasewera m'tauni n'kugula wezulo ya oimbira mpira, ya pulasitiki, yofiira, ndipo ndinaimangirira pa lamba wa chikwama. Loweruka pa Bunda anzanga anandiseka, amvekere a refu afika, penate ili kuti. Ndinawasiya aseke.

Alamu akuti tibwerere mu February maluwa akadzatuluka, akuti zitunda zonse zija zimasanduka chitenje. Akutinso msewu nthawi imeneyo ndi matope okhaokha, ndipo nkhungu siichedwa kubwera. Ndawauza kuti ine ndikufuna, koma chilolezo akapemphe okha kwa achemwali awo.